Mwana akakomoka, akatsamwa kapena akasiya kupuma: zochita musanafike kuchipatala

Usiku umene mwana wanga wachiwiri anakomoka anali ndi miyezi 9, magetsi atazima, bambo ake ali ku ntchito ya usiku. Thupi linayamba kutentha masana ndiye ine ndinangomumwetsa Panado nkumati tiona mawa. Cha mma 11 koloko ndinangomva bedi likugwedera, kuyatsa tochi ya pafoni ndikuona maso atembenuka kukungooneka koyera kokhakokha, timanja tauma gwa, kukamwa thovu. Ndinakuwa. Sipanathe mphindi ziwiri nyumba yadzadza, a neba abwera ndi supuni, apongozi akusakasaka makala oti afukize, mnyamata wina wanyamula ndowa ya madzi akuti timuthire. Onsewo amafuna kuthandiza ndithu, koma zimene ananyamula zija zonse zikanamupweteka mwana.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wa nyumba yakuseri amene ndi nesi. Analowa atangomanga chitenje, nkunena kuti "Tamusiyeni mwanayo. Amayi bwezani makalawo. Achemwali, mugonekeni chammbali, inuyo yang'anani nthawi pafonipo." Basi. Zimene ndikulemba apazi zambiri ndinaziphunzira kuyambira usiku umenewo, kwa iwowo komanso kusikelo, ndipo mudzaona kuti zochita zenizeni nzochepa, zambiri ndi zoti musachite.

Mwana akakomoka

Choyamba yang'anani nthawi. Zikumveka ngati zopusa mwana akuphupha iwe nkumayang'ana wotchi, koma kuchipatala funso loyamba limakhala loti wakomoka nthawi yaitali bwanji, ndipo mayi wamantha mphindi imodzi amaiona ngati ola lathunthu. Ine ndikanalumbira kuti zinatenga mphindi 20 pomwe zinali zitatu zokha.

Kenako mutsitseni ngati ali kumbuyo, mugonekeni pansi pamphasa kapena pamatilesi, chammbali, kukamwa kutaloza pansi pang'ono kuti malovu ndi masanzi zizituluka zisabwerere kummero. Mbaula, nyali, mpando, chotsani zonse pafupi. Muvuleni chipewa, juzi ndi mabulangete aja timawaunjikira ana ngati tili mu June chaka chonse.

Mkamwa musaikemo kanthu. Supuni ayi, chala ayi, kansalu ayi. Zoti mwana ameza lilime ndi bodza, lilime silimezeka, koma supuni imathyola mano, imang'amba nkhama ndipo imatseka njira ya mpweya. Musamumwetsenso chilichonse akadali chikomokere, olo bere, olo madzi, olo Panado, chifukwa nthawi imeneyo sangameze, zimapita kumapapo. Musamupanikize manja ndi miyendo kuti asiye kugwedezeka, sizisiyitsa. Madzi ozizira osamuthira, utsi osamufukiza, mapazi osawayandikiza kumoto, ana ambiri amafika kuchipatala ndi mabala amoto pamwamba pa matenda amene anali nawo kale.

Ngati pali wina amene wangoima, mupatseni foni ajambule vidiyo. Zimathandiza kwambiri chifukwa pofika kuchipatala mwana amakhala atasiya ndipo kufotokoza ndi pakamwa kumavuta.

Zikapitirira mphindi 5 asanasiye, musadikirenso, nyamukani naye akugwedezeka choncho, atagona chammbali mmanja mwanu. Akasiya yekha mphindi 5 zisanakwane amakhala wofooka, watulo, mwina osakuzindikirani kwa kanthawi, musiyeni chammbali pomwe mukukonzeka, koma ulendo wakuchipatala ulipobe usiku womwewo osati mawa. Pamenepa mpomwe ambiri timalakwitsa, timati poti wasiya ndiye wachira. Nzoona kuti pali kukomoka kongobwera ndi kutentha thupi, kumene kumagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 ndipo nthawi zambiri sikusiya vuto, si khunyu ayi komanso sikupatsirana. Koma kuno kwathu mwana wotentha thupi akakomoka akhoza kukhala malungo aakulu amene afika kuubongo, kapena matenda oumitsa khosi, ndipo zimenezi simungazisiyanitse ndi maso pakhomo. Wangayo anali malungo. Mwana wosakwana miyezi 6 ndiye osaganiza nkomwe zoti ndi kutentha thupi chabe.

Makanda a masiku ochepa amakomoka mobisika, samaphupha thupi lonse ayi. Mumangoona akutafunatafuna mkamwa mulibe kanthu, zikope zikuphethira mwachangu, maso angoti tong'o mbali imodzi, kapena timiyendo tikupalasa ngati ali panjinga. Kusiyanitsa kwake ndi kunjenjemera wamba nkosavuta: gwirani kamkono kamene kakugwedezekako, kakasiya ndiye kunali kunjenjemera chabe, kakapitirizabe mmanja mwanu ndiye wakomoka.

Amene muli kumudzi, a zaumoyo a ku kiliniki ya mmudzi amatha kumuika mwana mankhwala a malungo a artesunate kumalo ochitira chimbudzi kuti amugwirizize panjira. Amenewo si mapeto a chithandizo, ndi ongokupatsani nthawi yoti mukafike kuchipatala chachikulu, ndiye olo mwana atsitsimuke nkuyamba kuyamwa pitirizani ulendo. Ndipo mukakafika akakanena zotenga madzi a pamsana musathawe naye mwana. Ndikudziwa zimene zimakambidwa mmawodi, zoti akangomubaya pamsana basi wapita, koma zoona zake nzoti amatenga madziwo kwa ana amene adwalika kale, ndipo ndi njira yodziwira ngati ali matenda oumitsa khosi kuti amupatse mankhwala oyenera.

Mwana akatsamwa

Apa ndiye palibe nthawi yothamangira kuchipatala, dokotala ndinuyo. Mwana akangoyamba kukwawa chilichonse chimapita kukamwa, mtedza, njere ya chimanga, nyemba, mkanda, ndalama yachitsulo, chitsekero cha cholembera, ndipo nthawi zambiri amamupatsa ndi mkulu wake wa zaka zitatu mwachikondi.

Yambani mwamvetsera. Ngati akutsokomola mwamphamvu kapena akulira mokweza ndiye mpweya ukudutsa, mukhazikeni tsonga, musiyeni atsokomole, osamumenya kumsana, osamumwetsa madzi. Woopsa ndi amene wangoti zii, kukamwa yasa koma mawu osatuluka, maso atuzuka, milomo ndi lilime zikusintha mtundu. Kwa ameneyo, ngati sanakwane chaka, chitani izi.

Khalani pansi kapena pampando, mugonekeni chafufumimba pamkono wanu, mkonowo utatsamira pantchafu, mutu wake ukhale mmunsi kuposa matako. Gwirani nsagwada zake ndi zala zanu kuti mutu usalendewere, koma osafinya pakhosi. Ndi tsinde la chikhatho chinacho mumenyeni pakati pa mapewa kasanu, kamodzikamodzi, mwamphamvu ndithu osati kusisita, nkumaona ngati chinthucho chatuluka. Chikapanda kutuluka mutembenuzeni chagada, mutu ukadali mmunsi, ikani zala ziwiri pafupa la pakati pa chifuwa mmunsi pang'ono mwa timawere, dinikizani kasanu mwamphamvu. Yang'anani mkamwa. Ngati chinthucho mukuchiona bwinobwino chitoleni, ngati simukuchiona musapise chala kukafufuza, mungochikankhira mkati. Bwerezani, kasanu kumsana kasanu pachifuwa, mpaka chituluke kapena mwana alire.

Khanda osalifinya pamimba ngati mmene amachitira ndi akuluakulu, chiwindi chake nchosakhwima. Osamuzondotsanso atamugwira miyendo nkumamukutumula. Chikatuluka mupite nayebe akamuone, makamaka ngati munadinikiza pachifuwa kapena akupitiriza kutsokomola, chifukwa kachidutswa ka mtedza kakhoza kutsalira mmapapo nkudzayambitsa chibayo patapita masiku. Ndipo akameza batire kakang'ono kozungulira kaja ka muwotchi kapena mutidole, olo akuoneka bwinobwino akusewera, thamangani, kamawotcha kummero mmaola ochepa.

Akalobodoka osapuma

Musamugwedeze. Ndikubwereza chifukwa thupi limangofuna kutero, koma kukhutchumula khanda kumavulaza ubongo. Muitaneni mokweza, mumenyeni pang'ono kuphazi. Akapanda kuyankha kuwani kuti anthu abwere, wina athamangire galimoto kapena njinga, inu mugonekeni chagada pamalo olimba, patebulo kapena pansi, osati pamatilesi. Mutu ukhale mowongoka nkhope italoza kudenga, kwezani chibwano pang'ono ndi chala, osapinda khosi kwambiri chammbuyo chifukwa kwa khanda kutero kumatseka njira. Ikani tsaya lanu pafupi ndi mphuno yake mukuyang'ana pachifuwa, osapitirira masekondi 10.

Ngati sakupuma, kapena akungobefuka mwa apo ndi apo, vindikirani kamwa ndi mphuno yake pamodzi ndi pakamwa panu, muuzireni mpweya kasanu. Mpweya wake ndi wochepa, wongokwana mmasaya mwanu, bola muone chifuwa chikukwera. Kenako zala ziwiri pamalo omwe aja pakati pa chifuwa, dinikizani ka 30 mwachangu, pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse, chifuwa chizilowa ndithu ngati masentimita 4 nkumabwerera. Kenako mpweya kawiri, kudinikiza ka 30, mpweya kawiri, choncho osaleka mpaka ayambe kupuma kapena mufike mmanja mwa achipatala. Mugalimoto pitirizani. Mukakhala nokhanokha chitani kwa mphindi imodzi kaye kenako mumunyamule kukafuna anthu. Anthu amaopa kuthyola nthiti, koma nthiti imapola.

Pali china chimene chimaopsa makolo atsopano chomwe si matenda. Khanda likagona limapuma mwachangu kenako nkuima masekondi angapo, mwina 5 mpaka 10, nkuyambiranso lokha mtundu osasintha. Zimenezo nzachibadwa mmasabata oyambirira. Koma akaima kufika masekondi 20, kapena lilime ndi nkhama zatuwa kapena zachita ngati zabuluu, kapena walobodoka, olo zichitike kwa kanthawi kochepa nkubwerera mwakale nkumamwetulira, pitani naye tsiku lomwelo, makamaka ngati sanakwane miyezi iwiri kapena anabadwa masiku asanakwane. Pakhungu lathu lakudali kusintha mtundu sikuoneka msanga pamasaya, muziyang'ana lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo.

Palinso ana ena, kuyambira miyezi 6 kupita mtsogolo, amene akapsa mtima kapena akagwa amalira kamodzi kenako nkubanika, kukamwa yasa mpweya osakoka, mpaka kuda milomo nkufooka. Agogo amati ndi matama, ena amamuwaza madzi kumaso. Mwana sachitira dala. Mugonekeni chammbali, mphindi isanathe amapuma yekha. Ulendo woyamba kamuonetseni ndithu ndipo akamuyeze magazi, chifukwa zimenezi zimakonda ana amene magazi ndi ochepa.

Kupuma mothamanga

Chibayo sichichita phokoso ngati kukomoka, nchifukwa chake chimatenga ana ambiri mwakachetechete. Mwana akakhala ndi chifuwa, dikirani akhale phee kapena agone, kwezani malaya, tchelani mphindi imodzi pafoni nkuwerenga kuti mimba yakwera kangati. Wosakwana miyezi iwiri akafika ka 60 kapena kupitirira ndiye akupuma mothamanga. Wa miyezi iwiri mpaka chaka malire ndi 50, wa chaka mpaka zaka 5 ndi 40. Werengani mphindi yathunthu, osati theka nkuchulukitsa, poti makanda sapuma mofanana. Yang'ananinso mmunsi mwa nthiti, ngati pakulowa mkati nthawi imene akukoka mpweya, kapena akubuula pakupuma kulikonse, mphuno zikutsegukatseguka, mutu ukugwedezera limodzi ndi mpweya, ameneyo akufunika okosijeni osati mankhwala a chifuwa a kugolosale.

Liwombo

Nkhani ya liwombo ndimakangana nayo ndi apongozi mpaka lero. Liwombo likalowa mkati iwo amati lagwa, pakufunika mankhwala opaka pamutu. Komatu liwombo lolowa ndi chizindikiro choti madzi atha mthupi, kawirikawiri chifukwa chotsegula mmimba kapena kusanza, ndipo chimene mwapaka pamwamba sichingabweze madzi mkati. Onaninso maso ngati alowa, thewera ngati lakhala louma kuyambira mmawa, ndipo tsinani khungu la pamimba, likamachedwa kubwerera ndiye zafika poipa.

Ngati akutha kumwa, yamwitsani pafupipafupi ndipo sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Waterguard, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale amphamvu. Mwana wosakwana zaka ziwiri mumpatse kota mpaka theka la kapu akangotsegula, ndi supuni pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 nkuyambiranso modekha. Kuchipatala akakupatsaninso zinki, mumalize masiku onse olo kutsegulako kusiye. Koma ngati akukana bere, akusanza chilichonse, kapena wangoti lende osadzuka bwino, za Thanzi zichitikire mnjira, akufunika diripi.

Liwombo likatupa ndiye nkhani ina, likakhala lotukumuka ndi lolimba mwana ali phee sakulira, pamodzi ndi kutentha thupi kapena kulira kwa mawu osongoka kosatonthozeka, ganizani za matenda oumitsa khosi. Makanda khosi silichita kuuma ngati akuluakulu, musadikire chimenecho. Masanzi obiriwira ngati masamba, kapena mwana amene akulira mwadzidzidzi atapinda miyendo kumimba, nkusiya, nkuyambiranso, kenako chimbudzi chamagazi chonanda, amenewo akhoza kukhala matumbo atsekeka, ndi za opaleshoni, osamumwetsa zotsuka mmimba.

Akamwa palafini kapena mankhwala

Timasunga palafini mmabotolo a Fanta pansi pa bedi ndiye mwana wokwawa alakwa chani. Akamwa, osamusanzitsa, osamupisa chala kukhosi, osamumwetsa mafuta ophikira kapena mazira aawisi, chifukwa palafini akamabwerera ndi pamene amalowa mmapapo. Muvuleni zovala zonunkhazo, mutsukeni pakhungu, nyamukani. Akakhala mankhwala a makoswe, a mbewu kapena mapilitsi a agogo, tengani paketi kapena botolo lake mukawaonetse achipatala.

Za mchikuta

Mwezi woyamba ndi umene khanda limatha kuchoka mmanja mwanu mmaola ochepa, komanso ndi nthawi imene mwambo umati asatuluke mchombo usanagwe. Ine mwambo sindilimbana nawo, koma khanda likasiya kuyamwa, likamangogona osatakataka mpaka mutaligwedeza, thupi likatentha kufika 37.5 kapena likazizira kutsika pansi pa 35.5, pamchombo pakafiira kapena kutuluka mafinya, chikasu chikaoneka tsiku loyamba lomwe kapena chikafika mmanja ndi kumapazi, chikuta chithere pomwepo. Kuzizirako anthu sakuwerengera, amati bola sakutentha, chonsecho kwa khanda kuzizira nkoopsa chimodzimodzi. Khanda la msinkhu umenewu osalipatsa Panado kapena LA wotsala wa mkulu wake, ndipo aspirin ndiye osampatsa mwana wamng'ono aliyense. Themomita ya mufamase siyodula kwenikweni, gulani musiye kuyeza ndi chikhatho.

Panjira ndi pakhomo la chipatala

Khanda laling'ono liikeni pachifuwa panu khungu kukhungu ngati kangaru, mumange ndi chitenje, chipewa kumutu, nkhope ikuoneka kuti muziona mmene akupumira. Mwana wodwalika osamubereka kumbuyo nkumufunditsa bulangete mutu wonse, pali amayi amene amafika pachipatala nkumasula mwana atasiya kale kupuma iwo osadziwa. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, muziyamwitsa mnjira kuti shuga asatsike. Pakabaza wanjinga yamoto khalani pakati, wina akhale kumbuyo kwanu ngati nkotheka.

Musadikire bambo ake abwere kuti apereke chilolezo, aimbireni muli mnjira. Abambo amene mukuwerenga, nenani lero lomwe kunyumba kuti zikachitika asakudikireni, ndipo siyani kandalama ka transipoti pamalo odziwika kosakhudzidwa olo ndiwo zitasowa. Nambala ya wakabaza kapena wataxi wodalirika amene amayankha usiku ikhale mufoni ya aliyense mnyumbamo. Mukakayika ngati nzofunika kupita kapena ayi pali Chipatala Cha Pa Foni, kumene mumaimba nkufunsa malangizo a zaumoyo, kuimba kwake nkwaulere, koma mwana wokomoka kapena wobanika musataye nthawi ndi foni.

Mukafika musakakhale pabenchi kumapeto kwa mzere mwaulemu. Kaya ndi ku Queens, ku Central ku Lilongwe kapena pa health centre yakwanu, dongosolo lake ndi loti mwana wodwalika amaonedwa kaye, koma nesi sangadziwe ngati mwana ali mchitenje inu mwangoti phee. Pitani kutsogolo munene mawu enieni: "Anesi, mwanayu wakomoka," "sakupuma bwino," "wasiya kuyamwa," "ali ndi masiku 6." Osayamba ndi nkhani ya dzana. Kenako auzeni nthawi imene zinayamba, zinatenga mphindi zingati, aonetseni vidiyo ija, ndipo nenani zonse zimene wamwa, olo zikhale zachikuda, olo munamutemera mphini. Mwina akukalipirani pang'ono, ine anandikalipira chifukwa chodikira kuyambira masana mpaka ndinalira, koma amafunika adziwe kuti asankhe mankhwala bwino.

Ife usiku umenewo tinaiwala buku lakuchipatala, thewera losinthira ngakhale nsapato zanga, ndinafika ndi patapata imodzi. Anamuyeza magazi pachala, anamuyeza shuga, nkumubaya jakisoni woyamba nthawi yomweyo, tinagona masiku atatu. Pano buku lake limakhala mkachikwama kopachika kuseri kwa chitseko pamodzi ndi chitenje, matewera awiri, tochi, paketi ya Thanzi ndi ndalama ya kabaza, ndipo ndalamayo ndimaisuzumira mwezi ndi mwezi chifukwa bambo ake anaibwerekapo kawiri.